Magetsi a Zambezi ndi Mtsuko wa Agogo

Mvula yoyamba itagwa caka catha, mphepo inagwetsera mtengo pa mawaya a magetsi kufupi ndi msika wathu. Magetsi anazima masiku atatu. Mai wina amene amaphunzira nafe anali atangopikula nsomba zaziwisi, nadzaza firiji yace, imene kuno timati jeleira. Tsiku laciwiri nsombazo zinayamba kununkha. Tsiku lacitatu anakazikwirira kudzala, ndipo mpamba wace wonse unathera pomwepo. Mnzace woyandikana naye pamsika, amene amagulitsa kapenta ndi nsomba zamcere za Chicoa, sanataye ngakhale imodzi.

M'kalasi mwathu munabuka mkangano. Ena anati: "Magetsi ndi bwenzi lonyenga." Ena anati: "Kodi mufuna tibwerere ku utsi ndi mdima?" Ine ndine mwana kwa ambiri a inu, amai ndi abambo, ndipo sindinafune kuweruza akuluakulu. Ndinalonjeza kulemba mbiri ya nkhaniyi kuti tiwerenge pamodzi. Mbiriyo ndi iyi.

1. Magetsi asanabwere

Makolo athu anali ndi moto umodzi wogwira nchito zambiri. Pa mafuwa anali kuphikapo. Moto womwewo unali kuunikira nyumba usiku, ndi kufunditsa ana m'miyezi ya Juni ndi Julai. Utsi wace unali kukwera ku tsanja, kumene anali kuikako mbeu, nyama ndi nsomba. Wofuna kutuluka usiku anali kuyatsa muuni wa udzu. Ena anali kutunga nsatsi pa kamtengo naziyatsa ngati kandulo. Pambuyo pace amalonda a m'makantini anabweretsa palafini, ndipo koloboyi analowa m'nyumba za amene anali ndi ndalama.

Cakudya anali kucisunga popanda jeleira. Masamba a nyemba, a khobwe ndi a maungu anali kuwafutsa: kuwiritsa pang'ono, kuyanika padzuwa, ndi kumanga m'cikwatu. Mfutso umenewu unali ndiwo ya m'cilimwe. Cinangwa anali kucisenda ndi kuciyanika kuti cikhale makaka. Mbatata anali kuikwirira m'nkhuti atathira phulusa. Masau ouma ndi malambe anali kufika caka cina. Nyama anali kuidula mizere yopyapyala, kuithira mcere ndi kuiwamba. Kumtsinje ndi kunyanja, nsomba anali kuzing'amba ndi kuziyanika pa thandala, kapena kuziwamba pa utsi.

Cifukwa ninji njira zimenezi zinali kuthandiza? Cimene cimaoletsa cakudya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timafuna madzi ndi kufunda kuti tiswane. Dzuwa ndi utsi zimaumitsa madzi. Mcere umakoka madzi otsala. Kuzizira sikupha tizilomboti, koma kumacedwetsa kuswana kwao.

Kuzizira nako makolo anali kukudziwa. Dothi la mtsuko lili ndi timibowo ting'onoting'ono. Madzi amatulukira kunja ngati thukuta, ndipo pouma amacoka ndi kutentha. Ndi cifukwa cace madzi a mumtsuko amazizira ngakhale mu Okutobala, pamene ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40.

2. Damu la Cahora Bassa

Kumtunda kwa mzinda wa Tete, mtsinje wa Zambezi umadutsa pa mpata wopapatiza pakati pa mapiri. Kale pamenepo panali mathithi ndi miyala yoopsa. Mu 1858 sitima ya David Livingstone inalephera kudutsapo. Amati dzina lakuti Cahora Bassa limatanthauza pamene nchito imathera, cifukwa opalasa mabwato anali kulekezera pomwepo.

Mu 1969 boma la atsamunda la Apwitikizi linayamba kumanga damu pa mpatawo. Colinga cao cinali kugulitsa magetsi ku South Africa, kumene kunali boma la tsankho, ndi kukhazika azungu ambiri m'cigwa ca Zambezi. FRELIMO inatsutsa damulo. Kuyambira 1968 asilikali ace anali kumenya kale nkhondo ya ufulu m'cigawo ca Tete. Ku Sweden anthu anadandaula kwambiri, kufikira kampani ya kwao yochedwa ASEA inacoka pa nchitoyo. Koma makampani a maiko ena anapitiriza kumanga.

Khoma la damu linakwera mamita 171. Mu Disembala 1974 anatseka njira ya madzi, ndipo cigwa cinayamba kudzaza. Panabadwa nyanja yotalika makilomita oposa 200, kulinga ku Zumbo. Anthu oposa 25,000 anacotsedwa m'midzi yao. Ambiri anawaika m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, yochedwa aldeamento. Madimba a m'mbali mwa mtsinje anamira. Manda a makolo anamiranso.

M'phanga lalikulu limene anchito anakumba pansi pa phiri, anaikamo makina asanu opukusa magetsi. Makina alionse amatha kutulutsa mamegawati 415. Onse pamodzi ndi mamegawati 2,075. Pa nthawiyo magetsi amenewa anali oposa kutalitali amene dziko lonse la Moçambique linali kugwiritsa nchito.

3. Mawaya opita kutali

Kucokera ku Songo anamanga njira ziwiri za mawaya, zotalika makilomita pafupifupi 1,400, kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Mawayawo anawakoleka pa nsanja zacitsulo pafupifupi 7,000.

Apa pali cinthu cofunika kucimvetsa. Magetsi oyenda m'mawaya amenewo ndi a mtundu wina, opangidwira ulendo wautali wosaima panjira. Mphamvu yace imafika mavoti 533,000. Munthu sangalumikizeko waya kuti atsitsire magetsi pamudzi. Kuti magetsiwo asanduke ogwiritsa nchito m'nyumba, pamafunika nyumba yaikulu ya makina okwera mtengo, ndipo nyumba zotero zinali ziwiri zokha: ina ku Songo, ina ku Apollo. Cotero mlimi wolima pansi pa nsanja anali kumva mawaya akulira pamwamba pa mutu wace, koma madzulo anali kuyatsa koloboyi monga kale.

Pa 25 Juni 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Koma damu linabwera ndi ngongole yaikulu. M'kampani yoyendetsa damulo, ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, magawo 82 mwa 100 anatsala m'manja mwa Portugal. Moçambique anali ndi magawo 18 okha. Mu 1977 boma linakhazikitsa kampani ya magetsi ya dziko lino, Electricidade de Moçambique, kuti iyambe kufalitsa magetsi. Nchito inali yaikulu, ndalama zinali zocepa, ndipo amisiri ambiri anali atabwerera ku Portugal.

4. Jeleira yoyamba kumudzi

M'midzi yambiri, jeleira yoyamba imene anthu anaona inali ya kucipatala, yosungira katemera. Kuyambira 1976 kufikira 1979 kunacitika katemera wa dziko lonse. Magulu a zaumoyo anayenda cigawo ndi cigawo, kubaya anthu katemera wa nthomba, wa cikuku, wa cifuwa cacikulu ndi wa kafumbata. Akuluakulu ena m'kalasi muno ali ndi cipsera cace paphewa.

Katemera wambiri amafuna kukhala pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha amatha mphamvu, ngakhale botolo lioneke labwinobwino. Nanga kumalo kopanda magetsi anali kucita bwanji? Anali kugwiritsa nchito jeleira ya palafini. Pansi pace pamayaka kamoto kakang'ono. Kamotoko kamatenthetsa mankhwala amadzi oyenda m'mipaipi. Mankhwalawo posanduka mpweya m'kati mwa jeleira amacoka ndi kutentha, monga amacitira madzi pa khoma la mtsuko. Anthu anali kudabwa kuona moto ukubala madzi oundana.

Jeleira imeneyi inali kufuna cisamaliro. Tsiku ndi tsiku wanchito anali kuyang'ana lawi. Likakhala lobiriwira ngati thambo, zinthu zili bwino. Likafiira ndi kufuka utsi, cingwe cifunika kudula ndi kuyeretsa. Palafini akatha panjira, katemera wa mudzi wonse anali kuonongeka. Lero zipatala zambiri za kumidzi zili ndi jeleira zoyendera dzuwa, zimene zimasunga kuzizira usiku wonse popanda mafuta.

5. Pamene nsanja zinagwa

Makina onse asanu a Cahora Bassa anayamba kugwira nchito pofika 1979. Koma nkhondo ya zaka 16 inali itayamba kale. M'zaka za m'ma 1980 asilikali a Renamo anagwetsa nsanja zoposa 1,000. Kwa zaka zoposa khumi, mawaya opita ku South Africa anakhala opanda magetsi. Madzi anali kudutsa pa damu, koma makina anali kupukusa kagawo kocepa cabe ka mphamvu yao. Ndalama zogulitsa magetsi zinaima, ndipo ngongole inapitiriza kukula.

M'matauni magetsi anali kuzima kawirikawiri, ndipo mafuta a jenereta anali kusowa. Amene anali ndi jeleira anabwerera ku mcere ndi makala. Kumidzi anthu anathawa. Pafupifupi miliyoni imodzi anaoloka malire kupita ku Malawi. Agogo anga akazi anali m'gulu limenelo. Amati anasenza ufa, makaka ndi cikwatu ca mfutso, ndipo ndico cakudya cimene cinawafikitsa kumalire pamodzi ndi ana anai. Pobisala m'phiri sanali kusonkha moto masana, kuopa kuti utsi ungawaulule. Makaka anali kutafuna osaphika.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Nsanja zinamangidwanso, ndipo pofika 1998 magetsi anali kuyendanso kupita ku South Africa. M'zaka zomwezo usodzi wa kapenta unakula pa nyanja ya Cahora Bassa. Nsomba imeneyi inatsika ndi mtsinje kucokera ku nyanja ya Kariba. Asodzi amaikopa usiku ndi nyali zamagetsi. Koma kukaca amaithira mcere naiyanika padzuwa, monga anali kucitira makolo, ndipo imayenda ulendo wautali popanda jeleira.

6. Magetsi ayandikira

M'caka ca 2000, mwa anthu 100 a m'dziko lino, amene anali ndi magetsi panyumba sanali kukwana 10. Matauni ena a m'malire, monga Milange ndi Mandimba, kwa nthawi yaitali anali kulandira magetsi kucokera ku Malawi. Mzinda wa Lichinga unalumikizidwa ku Cahora Bassa patapita zaka pafupifupi 30 damu litamangidwa.

Pa 27 Novembala 2007 damu linabwera m'manja mwa Moçambique, boma litalipira Portugal. Magawo athu anafika 85 mwa 100, ndipo mu 2012 anaonjezekanso. Mawaya atsopano anafika m'maboma ambiri. Kunabwera mita ya Credelec, imene munthu amalipiriratu magetsi asanawagwiritse nchito. Mu 2018 boma linayambitsa nchito yochedwa Energia para Todos, yofuna kuti magetsi afike kwa anthu onse pofika 2030. Mu 2019 ku Mocuba anatsegula munda waukulu wa masola wotulutsa mamegawati 40. Masola ang'onoang'ono anayamba kuoneka pa madenga a udzu, kutali ndi mapolo.

Zimenezi zasintha moyo. Mwana amawerenga usiku popanda utsi wa koloboyi m'maso. Cigayo cili pafupi. Mzamba sagwiranso toci pakamwa pothandiza mai wobereka.

Komatu magetsi amayenda pa waya, ndipo waya amaduka. Mu Malici 2019 mphepo ya Idai inasiya mzinda wa Beira mumdima masiku ambiri. Mu Januwale 2022 mphepo ya Ana inagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete, ndipo ku Malawi madzi ace anaononga malo opukusira magetsi a Kapichira. Mu 2024 kunagwa cilala. Madzi anatsika kwambiri ku Kariba, ndipo abale athu a ku Zambia anali kukhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Ku Cahora Bassa nako madzi anatsika. Kale nkhondo ndiyo inadula mawaya. M'zaka zimenezi mphepo ndi cilala zacitanso comweco.

7. Tsono tisankhe bwanji?

Mbiri imeneyi itionetsa cinthu cimodzi. Banja limene linapulumuka nthawi zonsezi ndi lija linali ndi njira yaciwiri. Nkhuni, makala, palafini, magetsi a pa waya, sola ndi jenereta, ciliconse cili ndi pamene cimathandiza ndi pamene cimalephera. Tiyeni tione zimene tingacite panyumba.

Magetsi akazima, musatsegule jeleira kawirikawiri. Ikakhala yotseka imasunga kuzizira maola pafupifupi 4. Jeleira youmitsa madzi, ikakhala yodzaza ndi yotseka, imatha kufika masiku awiri. Ikakhala theka, tsiku limodzi. Cotero malo otsala mudzazemo mabotolo a madzi kuti aundane magetsi akalipo. Iwo ndiwo adzasunga kuzizira magetsi akapita.

Mukaona kuti mapolo agwa ndipo kukonza kutenga nthawi, musadikire tsiku lacitatu. Tulutsani nyama ndi nsomba zikali zozizira ndi zolimba. Zing'ambeni, muthire mcere, muyanike kapena muwambe. Pa makilo atatu kapena anai a nsomba, kilo imodzi ya mcere ikwanira. Koma nsomba kapena nyama imene yafunda kale kwa maola ambiri, kapena yayamba fungo, itayeni. Kuphika sikucotsa poizoni yense, ndipo ana ndiwo amayamba kudwala.

Kwa tomato, masamba ndi zipatso, pali jeleira ya mitsuko iwiri. Njira imeneyi anaifalitsa mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, m'zaka za m'ma 1990. Ikani mphika waung'ono wadothi m'kati mwa waukulu. Pakati pao thiranipo mcenga, ndipo muunyowetse m'mawa ndi madzulo. Vundikirani ndi nsalu yonyowa, muike pamthunzi podutsa mphepo. Tomato amakhala masiku oonjezera. Njirayi imagwira bwino m'miyezi yotentha ndi youma. M'dzinja, mpweya ukakhala wacinyontho, mphamvu yace imacepa. Kuzizira kwace sikukwanira kusunga nyama yaiwisi kapena katemera.

Wogula sola ayambe wafunsa kuti afuna kuyendetsa ciani. Sola yaing'ono ikwanira nyali zingapo, wailesi ndi foni. Jeleira imafuna masola akulu ndi batire lalikulu. Batire la asidi likamathera pansi tsiku ndi tsiku silikhalitsa. Ndi bwino kuleka kuligwiritsa nchito likafika theka. Pukutani fumbi pa sola, cifukwa fumbi limaba dzuwa.

Jenereta imayendetsa jeleira, koma imamwa mafuta. Werengerani mtengo wa mafutawo pamodzi ndi phindu la malonda anu. Apa ndi pamene masamu amene tiphunzira m'kalasi agwira nchito. Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera. Mu utsi wace muli mpweya wakupha umene ulibe fungo, ndipo umagoneka munthu tulo tosadzuka. Mbaula ya makala nayo imatulutsa mpweya womwewo. Musagone nayo m'nyumba yotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Musalumikize jenereta ku mawaya a nyumba popanda mmisiri wodziwa. Magetsi ace angabwerere ku polo ndi kupha munthu amene akukonza waya.

8. Zimene tinagwirizana

Titawerenga mbiriyi koyamba, mkangano uja sunathe tsiku lomwelo. Abambo ena ananenetsa kuti magetsi a mtsinje wathu ayenera kufika pa mudzi uliwonse, popeza anthu a m'cigwa ndiwo anataya minda ndi manda kuti damu limangidwe. Mau amenewo ndi oona, ndipo tiyenera kuwanena pa misonkhano ya m'dera lathu. Amai ena anati atsikana a lero sadziwa kumanga cikwatu, ndipo nzeruyo ikatayika sidzagulidwa m'sitolo. Mau amenewonso ndi oona.

Mai uja anataya nsomba sanagulitse jeleira yace. Anzace a m'gulu losunga ndalama anamubwereka mpamba wina. Tsopano pambali pa jeleirayo pamakhala thumba la mcere, ndipo kuseri kwa nyumba amuna ace amanga thandala. Mnzace wa kapenta akusunga ndalama zogulira sola yaing'ono, kuti azigulitsa kufikira usiku. Loweruka likudzali agogo awiri a m'kalasi muno adzationetsa kafutsidwe ka masamba a khobwe. Aliyense abwere ndi dengu lace, ndi kope lace lolembamo.

Mau atsopano

damu, nsanja, megawati, katemera, jeleira, batire, jenereta

Mafunso okambirana

1. Kodi dzuwa, utsi ndi mcere zimaletsa bwanji cakudya kuola?
2. Damu la Cahora Bassa linayamba kumangidwa caka citi? Linabwera m'manja mwa Moçambique caka citi? Panapita zaka zingati?
3. Cifukwa ninji midzi ya pansi pa mawaya opita ku Apollo sinalandire magetsi?
4. Mai ali ndi makilo 12 a nsomba. Ngati athira kilo imodzi ya mcere pa makilo atatu alionse, afunika makilo angati a mcere?
5. Funsani wamkulu wa pamudzi panu njira imodzi yosungira cakudya imene sitinaichule. Ilembeni m'mizere isanu, mudzatiwerengere.